Mwandida ndi Mkokomo wa Mitu Itatu

Chaka china, kutsinde kwa phiri lija limafunda mitambo, mvula ya chizimalupsa idabwera n'kuiwala njira yobwerera kwawo. Idazima lupsa, idazimanso moto wa pamafuwa. Mphepo inkasasula madenga, mabingu ankagwedeza mitsuko, nkhuku zili ndwii pakhonde ngati zaferedwa.

Pamudzi wa kutsindeko padali mnyamata wina dzina lake Malizani, ndi mlongo wake wamng'ono, Mwandida. Mwandidayu kadali kamtsikana kowonda, ka chimfine chosatha, koti anthu akamagawana ntchito ankangokadumpha. Koma Malizani ankamukonda koopsa. Ngakhale njere imodzi ya mtedza ankaiswa pakati kuti agawane.

Tsiku lina mvula itapumirako, awiriwa adakwera phiri kukazula bowa. Tsono phirilo lili ndi lamulo lake lomwe ngakhale mwana amalidziwa: ukapeza chakudya m'phiri, idya wekha mwakachetechete, usaitane mnzako. Malizani adapeza mkoko wa nthochi zakupsa pathanthwe. Lamulo ankalidziwa bwino lomwe, koma mtima udathamanga kuposa nzeru.

"Mwandida, fulumira, udzadye!"

Nthawi yomweyo nkhungu idagwa yoti bii. Pamene inkayera, pathanthwe padangotsala dengu la bowa.

Mwandida atabwerera yekha kumudzi, onse adadziwa kuti Malizani wamutenga Mkokomo, chilombo cha mitu itatu chokhala pansonga pa phiri. Mutu wina umalavula mvula, wina umauzira mphepo, wachitatu umageya mabingu. Amuna aja amapha mikango ndi pakamwa akakhala pa mowa, tsikulo aliyense adadwala bondo. Amayi a anawo adangogona chafufumimba, kulira mpaka mawu kutha. Mwandida adafukula mbatata imodzi paphulusa, adaimanga pansonga ya nsalu yake, n'kutuluka. Palibe adaona kuti wachoka.

Adakwera mvula ikumukwapula, akuterereka, akudzuka, mpaka adafika pamtsinje wosefukira womwe unkakokolola mitengo ndi mizu yomwe. Pamatope padagwa namzeze, mapiko atanyowa, akunjenjemera. Mwandida adamutola n'kumufungatira pachifuwa mpaka nthenga zidauma.

"Wandipatsa moyo, mwanawe," adatero namzeze. "Kwera pamsana."

Kambalameko kadakula, kadakula, mpaka mapiko adafanana ndi mphasa. Kadamuwolotsa mtsinje, kadaboola naye nkhungu, n'kukamutula pansonga.

"Anthu amene Mkokomo wawagwira amawasandutsa miyala," adatero namzeze potsanzika. "Mphamvu zomugonjetsera ulibe, koma dziwa kuti mitu yakeyo imagwirizana pa njala pokha."

Pansongapo miyala idali mbwee, yonse yakuda, yonse yonyowa. Mlongo wako ungamudziwe bwanji pakati pa miyala? Mwandida adaitana, adaitananso, koma adamuyankha ndi matalala. Mantha adamugwira, adakhala pansi n'kuyamba kulira. Akulira choncho adangoona kuti matalala aleka kumumenya. Mwala wina udali utapendekeka pang'onopang'ono mpaka kumuphimba kumutu. Adaukhudza, ndipo udali wofunda.

"Achimwene, ndinu?" adanong'ona. "Mwala wonsewu, mukundisamalabe?"

Pomwepo phiri lidagwedezeka, Mkokomo adatulukira, makosi atatu akupiringizana.

"Kankhuku kadzibweretsa kokha!" udabangula mutu wa mabingu. "Tisewere nako kaye. Ukalephera, tikudya. Chilape!"

"Nachize," adayankha Mwandida.

"Potsika phiri amaimba, pokwera amakana."

"Madzi a mumtsinje."

"Wakhoza," udatero mutu wa mvula, dovu likuchucha. "Koma tikudyabe. Njala siimva ndagi."

Mwandida adagwada monga adamuphunzitsira amayi ake, adaomba m'manja, n'kumasula nsonga ya nsalu. Fungo la mbatata yootcha lidafika mphuno zonse zisanu ndi imodzi. Paphiri lonyowa lija, chakudya chapamoto chidali chisadafikepo.

"Agogo, kwathu mlendo safika chimanjamanja," adatero. "Mbatatayi ndi imodzi, mundikhululukire. Mwambo wathu umati ayambe kudya ndi wamkulu. Tsono ine ndine mwana, sindidziwa. Wamkulu ndani pano?"

Funso limenelo mituyo idali isadafunsanepo chibadwire.

"Ndine, n'zodziwikiratu," udatero mutu wa mabingu.

"Iwe? Phokoso lokhalokha!" udakalipa wa mvula. "Anthu amadzala chimanga chifukwa cha ine."

"Popanda ine, mitambo akadakubweretsera ndani?" udakuwa wa mphepo.

Ndewu ya pachibale siichedwa kupsa. Mutu wa mphepo udaluma wa mvula, wa mvula udatsamwitsa wa mphepo ndi madzi, ndipo wa mabingu, poti sudziwa kuganiza, udaponya mphezi pakati pa anzakewo. Udaiwala kuti mimba ndi imodzi. Mkokomo adang'ambika pakati, adagubuduka kutsetsereka mpaka kuphompho, osadzukanso.

Mitambo idang'ambika, dzuwa lidasuzumira. Miyala ija idayamba kuyasamula, kutambasula miyendo, kusanduka anthu: osaka, otola nkhuni, amayi a madengu awo. Malizani adadzuka n'kumubereka mlongo wake kumsana, chifukwa miyendo ya Mwandida idali itakana.

Adatsika gulu lonselo likuimba dzina la Mwandida. Kumudzi nthungululu zidamveka mpaka kutsidya, ndipo amuna a mabondo aja adachira msanga, n'kumalimbirana kumuyalira mphasa. Amayi okha sadalulutire. Adayandikira mwana wawo wamwamuna, adamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka adamutsina pamkono mwamphamvu.

"Mayo ine! Amayi, mukundipweteka!"

"Lira, mwanangu, liranso," adatero amayiwo misozi ili mbwembwembwe, akukokera ana onse awiri pachifuwa. "Mwala sulira."

Nthano yanga yatsikira pomwepa.