Akamwini Atatu ndi Munda wa Misangu

Kalekale, anthu asanadziwe feteleza wa m'matumba, kuseri kwa phiri lina kunali mayi wokalamba dzina lake Nankhoma. Mayiyu anali ndi ana aakazi atatu, ndipo onse anakwatiwa pamudzi pomwepo, amuna awo nakhala pachikamwini. Wamkulu mwa akamwiniwo anali Kachingwe, munthu wa nkhwangwa, wosadziwa kukhala pansi. Wachiwiri anali Dzimbiri, wachitatu Lipenga. Onse ankalima munda umodzi waukulu wa apongozi awo, ndipo aliyense ankafunitsitsa kuti atchedwe mwamuna wa ntchito, osati mlendo wongodikira kudya.

M'mundamo munali misangu isanu ndi iwiri, yoti munthu mmodzi sangaikupatire. Msangu uli ndi khalidwe lakelake. Umayoyola masamba mvula ikamayamba, chimanga n'kumaona dzuwa kwinaku chikudya chonde cha masambawo, ndipo m'chilimwe umagwetsa nyemba zake zimene mbuzi zimanenepa nazo. Koma Kachingwe sanafunse munthu. Iye anangoona kuti mizere ikukhota pozungulira mitengo, zomwe kwa iye zinali uve. Anagwetsa yonse isanu ndi iwiri mwezi usanathe. Nankhoma, poti mwambo sunkamulola kuyankhulana ndi mkamwini maso ndi maso, anamutumizira tambala kudzera mwa mwana wake. Kachingwe anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo.

Kutsidya kwa mtsinje kunali mkulu wina, Kamphambale, amene munda wake unali wodzaza ndi misangu, zulu za chiswe ndi zinyalala zowola. Tsiku lina pamowa, anthu ali khamu, Kachingwe anamuloza nati, "Aulesi aja ndi awa. Amalima limodzi ndi akadzidzi awo. Kaya ndi achibale, tidziwa bwanji?" Aliyense anamva kuti akumunenera ufiti. Dzimbiri ndi Lipenga ndiwo anaseka koposa onse. Kamphambale anangotula chipanda pansi nanyamuka.

Akadzidzi amene ankagona m'mphako za misangu yogwetsedwa ija anasowa kolowera, nayamba kutera padenga la nyumba ya Nankhoma. Akazi anachita mantha, nati maliro ali pafupi. Pamenepo Dzimbiri anatenga uta wake. Anapha akadzidziwo mmodzimmodzi, ndipo dzanja litazolowera anapitiriza ndi njoka, ngakhale zopanda ululu zimene zinkakhala pansi pa nkhokwe osaluma munthu. Apongozi anamufululira mowa pomuthokoza.

Chaka chotsatira mbewa ndi makoswe zinaswana ngati nyerere. Zinkafukula mbewu m'mapando, kudya chimanga chili chiimire, zotsala n'kuzitsatira kunkhokwe. Lipenga, amene anali asanalandirepo ngakhale dzira, anaona kuti nthawi yake yakwana. Dzuwa litafika poswa mtengo, anatentha mapesi ndi tchire lonse lozungulira munda. Mbewa zinafadi, ana nadya ndiwo masabata awiri uku akuimba dzina lake. Koma mphepo inanyamula motowo mpaka kudambo, msipu wonse n'kusanduka phulusa. Mbuzi zinasowa udzu, zinasowanso nyemba za msangu, ndipo zinafa imodzi ndi imodzi, manyowa natha m'khola. Mvula yoyamba itagwa inapeza nthaka ili yamaliseche, niikokolola yonse mpaka mtsinje kufiira. Chimanga chinamera chachikasu, nichikalekera m'mawondo.

Pofika chaka chachitatu banja la Nankhoma linali litadya ndi mbewu yomwe. Mvula inali pafupi, ndipo m'dera lonselo wokhala ndi nkhokwe yodzaza anali Kamphambale yekha.

Gwaza, mlongo wake wa Nankhoma, amene anali mwini mbumba, anawoloka mtsinje kukapempha. Kamphambale anamulandira bwino, namuyendetsa m'munda wake wauve uja. Anamuuza kuti chakudya chonse chimachokera kudzuwa, ndipo tsamba lokha ndilo lidziwa kugwira dzuwa n'kulisandutsa chakudya. Mbuzi, mbewa ndi munthu amangolandira kwa tsamba, kadzidzi ndi njoka nalandira kwa mbewa. Anatinso polandirana paja chambiri chimathera m'njira, poyenda ndi pofunditsa thupi, n'chifukwa chake udzu ndi wosawerengeka, mbewa n'zocheperapo, akadzidzi ndi awiri kapena atatu basi. Ukapha awiriwo wamasula mbewa mazana. Zotsala, masamba ndi ndowe, chiswe ndi nyongolotsi zimabwezera m'nthaka kuti tsamba lina limere. Ndipo mkuluyo sananame, pakuti Mlengi sanaike chinthu pamalo pake mwachibwana.

"Mbewu ndikupatsani, a Gwaza, ana asafe," anatero Kamphambale. "Koma sindipereka m'manja mwanu, inu simunandilakwire. Abwere amene anapha munda uja, yekha, dzuwa lili pamutu, dengu atasenza. Adzere njira ya pachitsime, ndipo aliyense womufunsa amuuze chimene anachita. Mukanditumizira wina, abwerera chimanjamanja."

M'mawa mwake Gwaza anaitana akamwini atatu aja kumunda. Mthunzi kunalibe, choncho anakhala pa zitsa za misangu, akazi ali chapatali pansi. Gwaza anaika dengu lopanda kanthu pakati pawo nafotokoza mawu a Kamphambale osachotsapo kanthu.

Kachingwe ankangoyang'ana chitsa chimene anakhalira. Zipsera za nkhwangwa yake zinali zikuonekabe. Anafuna kuimirira kuti atole dengu nkhani ithe, koma mkazi wake anali atamuchenjeza kale pochoka kunyumba kuti, "Bambo a Tiyese, mukalisenza dengulo, ana athu adzatchedwa ana a wopha munda mpaka imvi. Inu mudzabwerera kwanu tsiku lina, iwo kwawo n'kuno." Choncho anayankhula maso ali pansi. Anavomera kuti mitengo anadula ndiye, pakamwa ponyoza panalinso pake, koma anati chaka chimene anadulacho anthu anakolola ndithu, ndipo mbewa sizinabwere ndi nkhwangwa.

Dzimbiri anatukula mutu nati, "Achimwene, akadzidzi aja anabwera padenga kudzaona ine? Munawagwetsera nyumba ndinu. Ine akazi analira, ndinachita chimene mwamuna achita." Anawonjeza kuti kupha mbalame sikukokolola nthaka, ndipo akanakhala kuti moto sunayatsidwe, mbuzi bwenzi zilipo, munda uli ndi chonde, mbewa zikanatha zokha ndi nthawi.

Lipenga anaseka chiseko chopanda mano. "Zikanatha zitatimaliza ife. Ine ndinapeza nyumba ikuyaka kale. Mbewa zija munadya nawo, a Dzimbiri, mpaka kunyambita zala." Koma Gwaza atamufunsa ngati analambula njira yotchinga moto asanayatse, monga achitira anthu onse olongosoka, Lipenga anangoyamba kukumba pansi ndi chala cha kuphazi.

Pamenepo Nankhoma, amene anali asanayankhulepo ndi mkamwini chikhalire, anadzikoka kufika pafupi, nkhope ataphimba ndi nsalu. Anati ngati amuna alephera, alisenza yekha, popeza tambala ndi mowa zinachokera kwa iye. Mawu amenewa anamulasa Kachingwe kuposa mkondo. Apongozi okalamba kusenza dengu pachitsime, akamwini atatu ali moyo! Koma Gwaza anamubweza mlongo wake, nati Kamphambale sakalandira munthu amene sanagwire nkhwangwa, uta kapena muuni.

Dzuwa linakwera. Kummawa mitambo inayamba kuda, ndipo mphepo ya mvula inagubuduza dengu lija mpaka linakaima pakati pa mizere. Panalibe amene anatambasula dzanja kuligwira.

Tsono inu amene mwamva, musathamangire kuyankha, pakuti mukatuma wolakwika banja lonse siliponya mbewu chaka chino. Wina anadula mitengo yodyetsa nthaka, koma sanaphe chamoyo chilichonse choyenda. Wina anapha alonda a munda, koma anawapeza atathamangitsidwa kale. Wina anatentha zonse zotsala, koma ankalimbana ndi mliri umene sanauyambitse. Mwa akamwini atatuwa, ndani ayenera kutola dengu, kudzera pachitsime, ndi kunena pamaso pa anthu kuti, "Munda ndinapha ndine"?