Nsomba za Malemu

Panali munthu wina amene ankaweta nsomba pamwamba pa phiri, m'dziwe la madzi ozizira oti ukaviikamo dzanja zala zimachita dzanzi. Sizinali nsomba zakuno. Makolo a nsombazo anachokera kumaiko akumpoto, kumene mitsinje imaundana n'kukhala ayezi, ndipo kuzizirako kunakhazikika m'magazi mwawo mibadwomibadwo. Madzi akafunda mpweya umachepamo, ndiye nsomba zotere zimabanika. Munthuyo ankadziwa zimenezi. Mkazi wake nayenso ankadziwa, popeza chaka ndi chaka ankasankhira limodzi nsomba zoikira mazira. Ana awo ankadya, kuvala ndi kuphunzira chifukwa cha dziwe limenelo.

Kenako mwamunayo anamwalira.

Dothi la pamanda lisanaume, mkulu wake anakwera phirilo kuchokera kuchigwa, migolo ili pa lole. Munthu woti mng'ono wake akudwala sanabwere n'kaphala komwe.

"Alamu," anatero mayi wamasiyeyo, "tengani njinga, tengani mipando. Koma nsombazi kwanu kotentha kuja sizikakhala. Zisiyeni zilere ana a mng'ono wanu."

"Nsomba ndi nsomba, madzi ndi madzi," anayankha mkuluyo. "Kodi pokwatiwa munabwera nazo kuchokera kwanu?"

Anakokolola zonse, ndi zamazira zomwe, n'kukazithira m'dziwe lake la makumba. Kutacha zinali zitabwera pamwamba, kukamwa kuli yasa. Dzuwa lisanapendeke zonse zinali zitagadama, mimba zili mbuu. Fungo linakafika mpaka kumsewu.

Mukuganiza kuti anachita manyazi? Anazungulira mudzi wonse akunena kuti mlamu wake wazilodza.

Kuphiri kuja madzi akuyendabe, ozizira bwinobwino, m'dziwe mopanda kanthu. Mbewu ya nsomba ija inathera pomwepo, ndipo ana aja anasiya sukulu.

Nkhani imeneyi imandipsetsa mtima, sindibisa. Inu amene mwakhala pasiwa pano, nyimbo ili pakamwa koma maso ali pa malata a nyumbayi, ndikunena ndi inu. Chimene asiya malemu tikuwalira lerowa nachonso chili ndi madzi ake, ndipo madzi akewo ndi mayi uyu ndi ana awa. Mukachinyamula chikakuwolerani m'manja. Inu mudzangotseka mphuno n'kupitiriza ulendo, koma ogona ndi njala ndi ana awa, magazi anu omwe.