Chidindo cha Phazi la Nkhwali

Panali munthu wina wosula mipeni, dzina lake Yotamu. Luso limeneli sanalitole panjira. Analiphunzira kwa malume ake, a Zuze, amene chipala chawo chinali kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mthethe.

A Zuzewo ankasula mipeni yopinda, ija yoyenda nayo m'thumba. Chitsulo ankachidula ku masipuling'i a magalimoto akufa, chogwirira n'kuchisema ku mtengo wa phingo. Mpeni uliwonse, chitsulo chikadali psuu, ankaudinda kachizindikiro ka phazi la nkhwali. Iwo ali moyo, anthu ankagula mipeniyo monga agulira khasu kapena chikwakwa. Ankanenerera mtengo, ankanyinyirika, ena n'kuitaya kudimba osaifunafuna n'komwe.

A Zuze atatsikira kulichete, zinthu zinatembenuka. Anthu atazindikira kuti mpeni wa nkhwali sudzasulidwanso, aliyense anayamba kuufuna. Mbiri yake inakafika mpaka ku tauni, kwa anthu okonda kusonkhanitsa zinthu zakale. Amenewo sankaufunira kusenda chinangwa kapena kudula luzi ayi. Ankaupukuta ndi mafuta, n'kuugoneka m'kabati ya galasi kuti alendo aziuona. Mpeni wobenthuka, wadzimbiri, chogwirira chitang'aluka, unkagulidwa pa mtengo wa mbuzi, bola phazi la nkhwali likuoneka.

Yotamu ndiye anatsala ndi chipala. Analandira nyundo, mvukuto, mwala wonolera, ndi chidindo chomwe chija. Koma chidindocho anachikulunga m'kansalu n'kuchitsomeka kudenga. Mumtima ankati, chizindikiro chimatsata dzanja, ndipo dzanja lake lagona kumanda. Choncho mipeni yake ankaigulitsa yosadinda.

Mipeniyo inali yabwino. Yotamu anali atakulira pamvukuto, ndipo ankadziwa mtundu wa moto umene chitsulo chimafuna chisanamizidwe m'mafuta. Komabe tsiku la msika anthu ankaima pamphasa yake, n'kutola mpeni, n'kuutembenuza kufunafuna chizindikiro.

"Wa nkhwali mulibe?"

"Ndilibe. Iyi ndasula dzana lomweli."

"Aaa, za lero," ankatero, n'kuubwezera pansi.

Ena ankakagula timipeni ta m'sitolo tonyezimira, topindika ngati chitini. Ena ankangopita. Chaka china mvula inadula chimanga chili m'maondo, ndipo kunyumba kwa Yotamu nkhokwe inayamba kuonetsa pansi mwezi wa masika usanathe. Mkazi wake, Nangondo, sankadandaula mokweza. Ankangochepetsa ufa m'mbale, iye n'kumadya pomalizira.

Tsiku lina kunabwera wamalonda wa ku tauni, mmodzi wa aja oyendayenda m'midzi kugula mipeni ya nkhwali. Anali atapita khomo ndi khomo, koma mipeni inali itatha. Anakhala pachitsa pafupi ndi chipala, n'kumayang'ana Yotamu akusula.

"Amisiri," anatero, "ndamva kuti chidindo cha malemu chili ndi inu."

"Chilipo."

"Nanga mukuvutikiranji? Dzanja ndi lomwelo, chitsulo ndi chomwecho, chipala ndi chomwechi. Sulani mpeni, muudinde, muukwirire m'dothi lonyowa lothira mchere kuti ukalambe. Ine ndizidzatenga yonse. Ana anu sadzagonanso ndi njala. Ndipo akufa sadandaula."

Yotamu anapitiriza kusula. Koma mawuwo anapita nawo kunyumba. Atawafotokozera Nangondo, mkaziyo anapitiriza kupeta madeya.

"Inu bambo, ine sindingakuuzeni za kuchipala," anatero pomaliza. "Ndikungodziwa kuti ufa watsala wa mkute."

M'mawa mwake Yotamu anatsitsa kansalu kaja kudenga.

Mpeni umenewo anausula monga sanasulirepo wina uliwonse. Anati ngati ukatchedwe wa a Zuze, usakachititse manyazi dzina lawo. Anasankha chitsulo chopanda mng'alu. Anachimenya mofatsa, kuchibwezera pamoto, kuchimenyanso, kufikira chitapyapyala mofanana kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Phingo anasankha wa pamtima, wakuda bii. Msomali wopindira anaukhoma kuti usathine, usakhwepenso. Chitsulo chili chofiira, anaikapo chidindo n'kumenya kamodzi. Phazi la nkhwali linatuluka bwinobwino, ngati mbalameyo yangoponda kumene pamatope. Kenaka anaukwirira kuseri kwa chipala.

Wamalonda uja atabweranso, Yotamu anaufukula n'kuupukuta. Unali utachita dzimbiri pang'ono m'mbali, phingo atazimirira, ukuoneka ngati wagona m'thumba la munthu zaka zambirimbiri. Wamalondayo anautsegula, ndipo unalira kuti tha! Anaupinda, anautsegulanso. Anauyesa pamkono, cheya n'kumayoyoka ngati wadutsapo lumo. Anaimika luzi m'mwamba n'kulidula osakoka.

"Ha! Ndagwirapo mipeni ya malemu yambiri, koma wotere sindinauone," anatero akuseka. "Uwu ndiye akaulimbirana. Akanena kuti ndi umene a Zuze anasula ali pachimake pa mphamvu zawo. Ndipo musade nkhawa, amisiri. Palibe munthu pansi pano amene adzadziwe kuti munasula ndinu."

Anawanena mawuwa kuti amukhazike mtima pansi. Koma kwa Yotamu analowa ngati munga. Anayang'ana mpeniwo uli m'manja mwa mlendo. Unali mpeni woposa yonse imene anasulapo, woposa ngakhale ya amene anamuphunzitsa, ndipo wanena zimenezi ndi munthu woidziwa mipeni. Tsono unkapita kukagona m'galasi, wosadula kanthu, utavala dzina la munthu wakufa. Ndipo a Zuze, amene sananamizepo munthu ali moyo, akanayamba kunama ali m'manda.

"Tandipatsani," anatero Yotamu.

Wamalondayo anapereka, poganiza kuti akufuna kuupukutanso. Yotamu anapita pa mwala wonolera, anathirapo madzi, n'kugoneka chitsulo cha mpeniwo chafufumimba. Anakhutiza mpaka phazi la nkhwali linafufutika, dzimbiri lomwe n'kuchoka, chitsulo n'kutsala mbee.

"Mukutani kodi?" anakuwa wamalonda uja, ataimirira. "Mwawononga chuma!"

Yotamu sanacheuke. Anatenga chidindo chija, anachipana, n'kuyamba kuchipala ndi tupa. Zala za nkhwali zinatha chimodzichimodzi, mpaka kumaso kwa chidindocho kunasalala ngati ndalama yakutha. Wamalondayo anatukwana, anamutchula chitsiru, anati adzafa ndi njala atafumbata ulemu. Kenaka anakwera njinga yake n'kumapita.

Madzulo Yotamu anafika kunyumba wopanda ndalama, mpeni uja uli m'thumba. Anamuuza Nangondo zonse, osabisa kanthu. Mkaziyo anamuyang'ana, anayang'ananso ana.

"Ndiye mawa ndipita kukapempha ganyu kwa eni dimba," anatero. Kenaka anawonjeza kuti, "Mpeniwo tauonetseni kuno." Anautsegula, anaupinda, anautsegulanso. "Uwu mwasuladi ndinu?"

"Ndine."

"Ndiye muulembe, anthu adziwe."

Pa chidindo chosalala chija Yotamu anasemapo chizindikiro chakechake, kamwezi kongokhala kumene, ndipo mpeni woyamba kudindidwa unali womwewo.

Musaganize kuti chuma chinagwa kumwamba. Chaka chimenecho banja lija linadya gaga ndi mango owiritsa, ndipo Nangondo anachita matuza m'manja ndi ganyu. Anthu a ku tauni sanabwere kudzafuna mipeni ya kamwezi. Iwo ankafuna zimene zinatha.

Koma tsiku lina la msika, wopha ng'ombe wina anaima pamphasa ya Yotamu. Anali munthu wosanyengeka ndi maonekedwe, chifukwa mpeni unali moyo wake. Anatola uja wa kamwezi, anauyesa pachala, n'kupita nawo pomwe ankasendera. Anthu anamutsatira kukaona. Anaulowetsa pansi pa chikopa, chikopacho n'kumachoka ngati akuvula malaya. Anamaliza ng'ombe yonse osaunola. Atabwerera, manja ali magazi okhaokha, anafunsa mokweza, msika wonse ukumva:

"Kodi mpeni uwu ndi wa dzanja la ndani?"

Kale Yotamu akafunsidwa chotere ankayang'ana pansi, n'kuyamba ndi kunena kuti iye ndi mwana wa mlongo wawo wa a Zuze. Tsiku limeneli anaimirira, anasasa fumbi m'maondo, n'kumuyang'ana munthuyo m'maso.

"Ndi wa dzanja langa," anatero. "Ndine Yotamu. Chipala changa chili pansi pa mthethe apo, ndipo mawa ndisulanso wina."

Tsono inu amene mukundimvera, lemekezani ntchito za amene anapita, pakuti iwo ndi amene anatiphunzitsa kugwira nyundo. Koma musabisale m'dzina lawo. Anthu amakonda kutama mmisiri akagona, n'kumulambalala akadali pamvukuto, ndipo mwina nanunso adzakulambalalani chomwecho. Musachite nazo mantha. Chimene manja anu apanga lero, chipangeni bwino, muikepo dzina lanu, ndipo akakufunsani mwini wake, muimirire.