Nthutumba ya Malemu Nkhukundembo

Pa mlandu uwu panali a Njati, Mkulu wa Mpingo. A Nyalugwe, mwini phwando la Khirisimasi. Ndi Likongwe, amene analibe udindo uliwonse koma njala yokha.

Chaka chimenecho a Nyalugwe anaotcha Nkhukundembo, yemwe uja ankaitanira nyama ku mapemphero. Onse anamzindikira ali chagada m'mbale, koma palibe anatchula dzina lake. Zikhadabo za mwini nyumba sizidziwa kudula molongosoka, choncho mpeni anapatsa Likongwe. Tsono mwambo ndi wakuti wogawa amadya zotsala, ndipo pagome la a Nyalugwe sipatsala kanthu.

Likongwe anadula phiko, naima, natchera khutu pachifuwa cha mbalameyo.

"Bwanji iwe?" anafunsa a Nyalugwe.

"Pepani bambo, malemuwa akulankhula. Akuti phiko ili likaikidwe pachulu, apo ayi atchula amene anawapotokola khosi."

A Nyalugwe anazolika nati lipite. Likongwe anakalidyera kuseri kwa chulu, napukuta pakamwa. Atabwerako, malemu anapempha ntchafu. Inapita. Anapemphanso chidale, ndipo a Nyalugwe anangokodola ndi dzanja. Ana analeka kuimba. Mayi wa pakhomo anatseka zenera, dzuwa lili paliwombo.

Likongwe akanalekera pomwepo. Koma anaona nthutumba, imene ndi ya mwini nyumba yekha, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti siikhudzidwa. Anaitenganso. Atangoimeza kuchulu kuja, m'mimba mwake munamveka kulira kwa Nkhukundembo. Anagwira pakamwa, koma kunamvekabe. Anabwerera pagome, ndipo atati apeke bodza lina, pakhosi pake panatuluka kulira komweko. Onse anaimirira, monga ankachitira kale akamva mawuwo.

A Njati sanakweze mawu. Anatuma mwana kuchulu, ndipo mwanayo anabwera ndi mafupa oseteka bwino.

"A Nyalugwe," anatero, "mwapha mnzathu ndi kutiitanira pamtembo wake. Simudzadyanso pamodzi ndi ife. Iwe Likongwe, wanamizira wakufa, ndiye wakulowa. Tola mafupa onsewa, ukawatule kwa mkazi wa malemu, ukamuuze ndi pakamwa pako kumene kwapita nyama."

A Nyalugwe anakana chigamulocho, nalowa m'thengo akung'ung'udza. Likongwe anachivomera ndi mutu wokha, pakuti pakamwa sanayerekezenso kutsegula.