Nyumba Imene Kalipentala Sanagonemo

Ku Ntcheu kunali mnyamata wina amene anabadwa ndi mwendo wamanzere waufupi. Bambo ake anali kalipentala, munthu wa manja aluso koma pakamwa pouma gwa. Tsiku lina mnyamatayo atagwa ndi thabwa paphewa, bambowo anapsa mtima nati, "Choka apa, ulibe ntchito iwe!" Mawu amenewo anamulowa mpaka m'mafupa. Analongedza, n'kukwera basi ya ku Limbe, n'kukaphunzira utelala, ndipo kumudzi sanapondekonso. Anakwatira, anabereka, imvi zinayamba kutuluka, koma mumtima ankangoti bambo anga sanandifune.

Uthenga wa maliro a bambo ake unamupeza mochedwa, moti anafika ataika kale. Achibale anamulozera nyumba yatsopano imene malemuwo anamanga chakumapeto kwa moyo wawo. Sanagonemo ngakhale tsiku limodzi, ndipo sanauze munthu kuti ankamangira ndani. Telala uja sanafune n'kuiyang'ana komwe. Anati, "Igulitsidwe. Ine mawa ndikubwerera."

Msuweni wake, Gelesomu, anati, "Asuweni, mbuzi sagulitsa ili m'thumba. Tiyeni tikaione kaye."

Atafika pakhonde Gelesomu anayamba kuseka. Masitepe anali aafupiafupi ngati a mwana wophunzira kuyenda. Anati, "Ha, koma ukalamba! Amalume anaiwala kuyeza." Telala sanaseke. Anakwera bwinobwino osagwira bondo, chinthu chimene sankatha pa khonde la munthu aliyense.

M'katimo munali mpando umodzi, ndipo kutsogolo kwake, chakumanzere, anakhomererapo kathabwa. Gelesomu anagunda nako msongolo n'kutukwana pang'ono, Mulungu amukhululukire. Telala atakhala pampandopo, mwendo waufupi uja unatera pa kathabwako ndendende. Anayang'ana zenera. Linali lalikulu, lotsika, ndipo kuwala kunkagwera pomwe munthu wosoka angaike manja ake. Anati, "Asuweni, kodi nyumbayi si yanga?"

Tsono musamuweruze Gelesomu. Sanali chitsiru ayi, ndipo ankamukonda mbale wakeyo, sankafuna kuti adzinamize. Anati, "Amalume anakhoma mipando yosawerengeka. Pa unyinji wonsewo, umodzi ungalephere bwanji kukukwanani? Komanso munthu amene ali pachisoni amaona zimene mtima wake ukufuna." Mawuwo anali anzeru. Telala anadzuka n'kunena kuti akukataya madzi.

Amayi akumbuyoko mwayamba kuseka, ndakuonani. Inde, nkhani yathu yalowa kuchimbudzi. Sekani, koma mumve.

Munthu wa mwendo umodzi waufupi kunjuta kumamuvuta. Ali mwana, telala uja ankachita manyazi nazo kwambiri, moti mpaka kukula sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake amene anakalamba naye. Atatsegula chitseko anaona mtengo wosalala wokhomedwa kukhoma, pomwe dzanja lake likanafikira, ndipo pansi, mbali ya kumanzere, anawakapo njerwa yokweza phazi. Anaugwira mtengowo. Unali wopalidwa mosamala, wopanda ndi kaminga komwe. Apo ndiye anazindikira kuti bambo aukali aja ankaona mavuto ake onse, ngakhale obisika, ndipo anawasunga mumtima zaka zonsezo. Telala uja, bambo wamkulu wa imvi zake, analira chokweza ali m'chimbudzi mpaka Gelesomu anathamangirako poganiza kuti mwalowa njoka. Nyumba ija sinagulitsidwe.

Abale anga, alipo anthu ophunzira amene moyo wawo wonse amayeza zakumwamba, ndipo ine ndimawavulira chipewa. Iwo apeza kuti mphamvu zimene zagwira chilengedwe chonsechi zili pa muyeso wodabwitsa. Ina ikanangokula pang'ono, kapena ina kuchepa pang'ono, bwenzi kulibe nyenyezi zokhalitsa, kulibe madzi, kulibe inu ndi ine. Pa zimenezi ambiri amagwirizana. Mkangano umabuka pa funso lakuti, zinatheka bwanji? Ena amati alipo anayeza. Ena amayankha ngati Gelesomu, kuti mwina zilengedwe zilipo zosawerengeka, ndiye chimodzi chinayenera kutikwana basi. Amatinso tikanapanda kukwanamo, sitikanakhalapo kuti tizidabwa. Amenewa musawanyoze, akufunsa moona mtima, ndipo ine pano sindingakutulutsireni umboni wotseka pakamwa aliyense. Gelesomu naye mpaka lero amati mwina zinangochitika.

Koma ine ndikaona dzuwa lotenthetsa osatipsereza, mpweya wokwana chifuwa cha khanda lobadwa lero, mvula yogwa m'madontho osati mwala umodzi, mtima wanga umachita chidwi mpaka kunjenjemera. Ndimaona dzanja la Mmisiri amene anatidziwa tisanafike, amene anayeza ndi kupunduka kwathu komwe. Ambiri a ife tinachoka pakhomo tikuganiza kuti Atate satifuna. Telala uja anazindikira mochedwa, woti amuthokoze ali kumanda. Inu Atate wanu ali moyo, ndipo mukupuma m'nyumba mwawo. Musadikire mawa kuti muwayankhule.