Chigoba M'kamwa mwa Wosula Ndalama

Kalekale, kutali uko ku Indiya, kunali mzinda umene unkafa pang'onopang'ono. Zombo zamalonda zidasiya kubwera, anthu adabalalikira kumidzi, mumsika n'kutsala anyani. Ndalama zachitsulo zidazimirira. Otsalawo ankasinthana mpunga ndi mchere, kapena kugulana ndi tizigoba ta m'nyanja.

Mumzindamo mudamwalira Dhanapala, mmisiri womaliza wosula ndalama. Mwambo wakumeneko unali woti womwalira azimuika ndalama m'kamwa asanamuwotche. Mkazi wake, Mandara, adasanthula nyumba yonse, ndalama osaipeza. Pothedwa nzeru adamuika chigoba. Tangoganizani, munthu wosula ndalama moyo wake wonse, kumuperekeza ndi chigoba!

Kuyambira tsikulo, dzuwa likafika paliwombo, m'chipala chake chogumuka munkamveka nyundo: ngwe, ngwe, ngwe. Kukasuzumira, munthu mulibe. Mandara adadziwa kuti mwamuna wake sadapite, ndipo wolakwa ndi iye.

Adaitana ana ake atatu. "Ana anga, abambo anu ndidawanyoza. Akufuna ndalama yeniyeni, tikaiponye mumtsinje momwe tidathira phulusa lawo. Amene awagoneke, munda uja ndi wake."

Mundawo mfumu idapatsa Dhanapala m'malo mwa malipiro, ndipo unali wongokwana kudyetsa banja limodzi. Ana awiri otsalawo, basi, moyo wawo wonse ukathera m'minda ya eni ake.

Woyamba kubadwa, Vasu, adatsata msewu wakale wa amalonda masiku makumi anayi. Nyumba zogona alendo adazipeza zitamera thengo, zitsime zitauma. Ndalama sadaipeze paliponse, koma kumudzi wina adapereka ng'ombe yake imodzi yomweyo kuti amupatse kachidutswa ka mkuwa. Adabwera wapansi, mapazi atang'ambika. "Amayi, mkuwa nawu."

Wachiwiri, mtsikana Bhadra, adalowa m'chipala chogumukacho dzuwa lili paliwombo, pomwe amuna ankachizungulira patali. Nyundo ikulira pafupi ndi khutu lake, adafukula dothi ndi manja mpaka adapeza chidindo cha bambo ake chosulira ndalama, chokhala ndi nkhope ya mfumu yakalekale yomwe anthu adaiwala ndi dzina lomwe. Adatuluka khutulo litagontha, ndipo silidamvenso.

Wotsiriza, Soma, ankatchedwa mlesi, poti paubwana wake ankangokhala m'chipala kuyang'ana manja a bambo ake. Koma ndi iye yekha amene ankadziwa mtundu wa moto woyenera ndi kulemera kwa dzanja. Mkuwa unali wokwana kumenya kamodzi kokha, akalakwitsa, zatha. Adamenya. Mkuwa wamoto udamuthethekera m'diso n'kuliphwanya, koma ndalama idatuluka yosalala, nkhope ya mfumu ili mbee.

Mandara adaiponya mumtsinje. Mawa lake dzuwa lidafika paliwombo, mzinda wonse uli zii. Mayiyo adalira kuposa tsiku la maliro, chifukwa nyundo ija ndiyo inali phokoso lomaliza la munthu wogwira ntchito mumzindamo.

Tsopano mitambo yayamba kuda, munda ukudikira khasu. Ana atatu aima pakhomo pa mayi wawo: wina alibe ng'ombe, wina alibe khutu, wina alibe diso.

"Amayi, nenani," adatero Vasu. "Mvula siyembekeza munthu."

Nanga inu, mukadakhala Mandara, mundawo mukadapatsa yani, ndipo awiri enawo mukadawayang'ana bwanji kumaso?