Mzere wa Liwu Limodzi

Panali mayi wina, mnansi wanga pa nyumba za lendi. Chotilekanitsa chinali khoma lopyapyala, moti akatsokomola ndinkamva. Tsiku lina masana, ndikuyamwitsa mwana, ndinamumva akukangana ndi achimwene ake amene anabwera kuchokera kumudzi.

Nkhani yake inali iyi. Loweruka lotsatira kunali mwambo wa chiliza pamanda a mayi awo, ndipo mnansi wangayo analemba ndakatulo yoti akalakatule kumeneko. Achimwenewo anali ophunzitsa kwaya. Anazolowera nyimbo za m'buku, zimene mizere yake imalingana ngati mano a chipeso. Ndiye ankawerenga maphatikizo uku akugogoda tebulo ndi pensulo, go, go, go. Ankati mzere wina watalika mpaka kutsetserekera m'munsi, wina ndi liwu limodzi lokha. Zimenezo n'zotsimphina, anthu akaseka banja lonse. Zikapanda kukonzedwa, iwo monga mwini mbumba salola kuti zikamveke pamanda.

Mlongo wawo sanakweze mawu. Anati iye zowerenga maphatikizo sazidziwa. Ankadula mzere pamene mpweya wamuthera, basi.

"Achimwene, musanafufute, tawerengani mokweza kamodzi kokha. Mundionetse pamene pakutsimphinapo."

Anayamba mwamatama, ndi mawu awo a pakwaya. Mzere wautali uja unkanena za mayi awo akupita kuchigayo cha kutsidya kwa mtsinje, thumba pamutu, mwana kumsana, wina akukoka chitenje, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Pofika kumapeto kwake anali wefuwefu, ngati thumbalo asenza ndi iwo. Kenako anafika pa mzere wa liwu limodzi. Linali funso limene mayi awo ankafunsa aliyense wofika pakhomo, moni asanaperekedwe n'komwe.

"Mwadya?"

Analiwerenga. Ndinadikira mzere wotsatira, sunabwere. Ndinamva pensulo ikugubuduka patebulo mpaka kugwa pansi, ndipo palibe anaitola.

Patapita nthawi ndithu achimwenewo anati, "Zisiye momwemo, chemwali. Koma ukawerenge wekha. Ine sindingathe."

Amayi anzanga, munthu akakubweretserani mawu ochokera mumtima mwake, musathamangire kuwayeza. Yambani mwawatchula ndi pakamwa panu. Pamene mukuti patalika, mwina ulendo wake unali wautali chomwecho. Pamene mukuti paperewera, mwina mpamene mwiniwake anameza misozi. Mukawalinganiza onse adzaoneka bwino papepala, koma munthu amene amanenedwayo simudzamupezamonso.

Mwana atagona, ndinatuluka kukayanika matewera. Ndinawapeza awiriwo atakhala pamphasa pakhonde, mbale ya mbatata ili pakati. Achimwene anasankha yaikulu, n'kuisenda, n'kupatsa mlongo wawo.